Mafilimu anayi a malupanga, patapita miyezi chigulireni

Ma DVD anayi amene ndinagula chaka chatha sanagwire fumbi. Ndi Captain Blood ya 1935, The Adventures of Robin Hood ya 1938, komanso The Sea Hawk ndi The Mark of Zorro, onse awiri a 1940. Zimbale zikuwerengabe bwino, kupatula cha The Sea Hawk chimene ana anachikanda ndipo chimadumpha pakati. Nditangogula ndinalemba kuti ndi mafilimu okoma oonera ndi banja Lamlungu masana. Zimenezo sizinasinthe, koma munthu ukabwereza filimu kambirimbiri maso amachoka pa mwini filimu n'kuyamba kuona ena.

Errol Flynn ali m'mafilimu atatu mwa anayiwa. Pamene Captain Blood inkatuluka anali ndi zaka 26, wosadziwika, ndipo zimaoneka: akafika pa mawu a mkwiyo amangokweza mawu n'kutukula chibwano. Chake chenicheni ndi thupi. Muoneni mu Robin Hood akulowa m'phwando la Prince John atasenza gwape paphewa, n'kumugwetsera patebulo pamaso pa mwini phwando, kenako n'kukhala pansi kuyamba kudya. Pamenepo palibe womuposa. Koma kumwetulira kwake n'kumodzimodzi m'mafilimu onse atatu, ndipo pofika pano ndimadziwiratu pamene kukubwera.

Amene sakunditopetsa ndi Basil Rathbone, woipa wa m'mafilimu atatu: Levasseur mu Captain Blood, Guy of Gisbourne mu Robin Hood ndi Captain Esteban Pasquale mu Zorro. Ankadziwadi lupanga, ndipo ndewu ya pamasitepe mu Robin Hood, ija mithunzi yawo imamenyana pachipilala, ikuyenda chifukwa cha iye. Komabe ndimamukondera pamene wangokhala chete. Marian, mkazi amene Gisbourne akumufuna, akamalankhula ndi Robin, yang'anani nkhope ya Gisbourne: nsanje yokhayokha, osatsegula pakamwa. Claude Rains nayenso, Prince John wake salusa, amalankhula mofatsa ngati akukupatsa moni pamene akukonza zokunyonga.

Pa eni filimu, Tyrone Power ndiye akusewera kwenikweni, chifukwa mu Zorro akunyamula anthu awiri. Masana ndi Don Diego, mnyamata waulesi wongokonda zovala ndi mafuta onunkhira mpaka bambo ake kuchita naye manyazi. Usiku ndi uja wovala chakuda. Ndewu yawo isanayambe, Pasquale amadula kandulo ndi lupanga podzionetsera. Diego amadutsitsa lake pa kandulo ina, kanduloyo osagwa, Pasquale n'kuseka. Ndiye Diego amangonyamula mutu wa kanduloyo ndi zala, wodukadi. Mwana wanga wamng'ono amabweza pamenepa nthawi zonse.

Olivia de Havilland anali ndi zaka 19 mu Captain Blood. Mu Robin Hood, momwe akusewera Marian, ndiye yekha amene amasintha maganizo tikumuona: amalowa m'nkhalango ya Sherwood akunyansidwa ndi "mbava", Robin n'kumuonetsa anthu omenyedwa ndi otenthedwa nyumba chifukwa cha msonkho, ndipo nkhope yake imagwa pang'onopang'ono.

Tsono za makhalidwe, pomwe pandigwira kwambiri miyezi imeneyi. Mafilimu onse anayi amadana ndi wolamulira wankhanza, koma palibe imene imafunsa za mpando womwewo. Robin amalanda olemera, inde, koma gawo lalikulu la chumacho ndi loombolera Mfumu Richard, ndipo mfumuyo ikabwera amagwada. Zorro amathamangitsa wolamulira woipa wa Los Angeles kuti bambo ake abwerere pampando. Mu The Sea Hawk kulanda zombo za Spain kulibe mlandu bola chumacho chipite kwa Mfumukazi Elizabeth. Filimuyi inatuluka nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, ndipo Mfumu Philip ya ku Spain yoloza mapu a dziko lonse kuti likhale lake, aliyense wa 1940 ankadziwa kuti akunena Hitler. Mawu omaliza a Flora Robson ngati mfumukazi akupita kwa anthu a ku Britain a nthawi imeneyo, ndipo amawanena bwino zedi.

Captain Blood ndiye imandisowetsa mtendere. Peter Blood ndi dokotala amene anathandiza munthu wovulala pamene Monmouth anaukira mfumu ya ku England mu 1685. Woweruza Jeffreys samumvera n'komwe, ndipo Blood amakagulitsidwa ngati kapolo ku Port Royal, ku Jamaica, pa mapaundi 10. Gawo la kukhoti ndi lamphamvu: munthu akulangidwa chifukwa chochita ntchito yake. Koma mkwiyo wonse wa filimuyi ndi woti azungu agulitsidwa. Minda ya nzimbe ya ku Jamaica inkalimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa, ndipo za iwo nkhaniyi ilibe chonena. Pamapeto Blood amakhululukidwa ndi mfumu yatsopano William, n'kukhala bwanamkubwa wa chilumba chomwecho. Tinaimitsa filimu apa tsiku lina mwana wamkulu atafunsa ngati Blood adzamasule akapolo enawo, ndipo tinakambirana nthawi yaitali kuposa ndewu zonse za m'filimumo.

Wofuna kugula imodzi yokha ayambe ndi Robin Hood: ndi ya mitundu ya Technicolor, nyimbo za Erich Wolfgang Korngold zinapata Oscar, ndipo ana sadandaula. Zitatu zinazo n'zakuda ndi zoyera, Chingerezi chake n'chothamanga, choncho fufuzani chimbale chokhala ndi mawu olembedwa pansi.