Njinga yanga yamoto patatha miyezi 15: injini ili bwino, koma kushopu komwe ndinaigula sindidzapondako

Alamu anga agawana ndalama za banki m'khonde sabata ino, ndiye dzulo andiimbira kuti akufuna njinga ya kabaza, ndiwaperekeze komwe ndinagula yanga. Ndawayankha kuti alamu dikirani kaye, ndalamayo isungeni. Zomwe ndawafotokozera ndi zomwe ndikulemba apazi.

Yangayi ndinagula mu September 2023 pashopu ina kuno ku Lilongwe, ya 150cc, zija zochokera ku China, yatsopano ili m'mapepala. Ndimapitira kuntchito ku Kanengo kuchokera ku Area 25, madzulo ndi Loweruka ndimanyamulako anthu pang'ono. Injini sinanditsegulitsepo, oyilo sidya, pamtunda imakoka bwino ngakhale mutakwera awiri ndi thumba la ufa. Mafuta simwa kwambiri, ndipo nthawi ya mizere ya petulo mu 2024 inandipulumutsa zedi. Tcheni ndi sipoketi ndasintha kamodzi, mabuleki kawiri, zimenezo nzachizolowezi.

Vuto linali magetsi. Itangotha mwezi sitata inayamba kungolira kuti tchi tchi osaliza, ndimadalira kiki. Kenako babu lakutsogolo linapsa, ndasintha, patatha masiku anayi lapsanso, usiku ndili ndi kasitomala pamsewu wa ku Nsungwi, tinafika poyatsa tochi ya foni. Ndinabwerera kushopu ndi risiti ndi kapepala ka walanti ya miyezi 6. Tsiku logula anyamata aja ankangoti bwana khalani apa, bwana imwani madzi, koma ulendo uno ndinaima pafupifupi ola lathunthu palibe wondiyang'ana, wina ali pa WhatsApp. Atandimvera anangoti achimwene mwina mumaiwala kiyi pa on. Anatchaja batire nkundibweza.

Sabata isanathe yafanso. Apa akuti batire ndiye lakufa ndipo batire silikhala pa walanti, mugule lina. Ndinagula, K35,000. Latsopanolo linatha milungu itatu nkutupa m'mbali, ukaligwira likutentha. Ndipamene anavomera kuti njinga itsale aione bwino. Inakhalako masiku 12. Ukaimba foni akuti makaniko wapita kumaliro, mawa lake akuti sipeya ikuchokera ku Blantyre, kenako akuti kontena yakanirira ku Beira chifukwa cha forex. Zoti forex inavuta ndikudziwa, tonse tinaona kwacha itagwetsedwa ndi 44% mu November chaka chimenecho, koma chomwe chinandiwawa nchakuti nditapita osaimba ndinapeza njinga ili pomwe ndinaisiya, fumbi lokhalokha, sanamasule ngakhale bawuti limodzi. Masiku onsewo ine ndikulipira minibasi ndiponso ya madzulo ija osaipeza.

Nditakweza mawu, manejala anatuluka nkunena kuti walanti yanu inatha kale chifukwa mwalumikiza tchaja ya foni panjinga. Tchajayo inabwera nayo njingayo, ili pahandulo, tsiku logula anachita kundionetsa okha ngati chinthu chonyadira. Ndinangotenga kiyi nkuyamba kukankha, mtima ukuwawa, misozi ili pafupi.

Mnzanga wa pasiteji ndi amene ananditengera kwa bambo ena okonza njinga ku Biwi. Sanachedwe, anaika mita pabatire nkundiuza kuti ndikoke moto. Akuti ikamatchaja bwino imayenera kusewera cha m'ma 14 volts, yanga imadutsa 17. Kachipangizo kaja amati retifaya, kamene kamachepetsa moto wochokera ku koyilo usanafike kubatire, kanali kakufa, ndiye kamangowotcha batire ndi mababu. Anasintha ndili pomwepo, mphindi 20 sizinakwane, K22,000 pamodzi ndi ya ntchito, kuwonjeza batire lachitatu. Kuyambira January 2024 mpaka lero babu ndi lomwelo, sitata kungodina kamodzi njinga yalira. Kanthu kakang'ono ngati kabokosi ka machesi kanandizunza miyezi itatu chifukwa anthu ogulitsa njinga tsiku ndi tsiku sanafune kungoika mita.

Za mapepala nazonso musanene. Ndinalipira kuti andilembetsere ku Road Traffic, anati milungu iwiri, blue book ndinaigwira mu February, ndipo apolisi a pamsewu anali atandilipiritsa kale kawiri chifukwa choyenda opanda nambala.

Masiku ena ndikaiyang'ana ndimaikonda njingayi, yandilipirira fizi ya mwana matemu awiri ndipo lero nditati ndigulitse ndingapeze yoposa yomwe ndinagulira chifukwa mitengo inakwera. Koma ndikawerengera mabatire awiri, mababu, minibasi, chindapusa ndi masiku omwe sindinagwire ntchito, ndalama yoposa K200,000 inapita pa vuto lomwe silinali langa, ndipo mpaka lero palibe wanena kuti pepani.

Alamu ndawauza kuti mtundu womwewo akhoza kugula, koma kwina, ndipo asanapereke ndalama walanti ilembedwe papepala kuti ikukhudza chani, nambala ndi blue book tsiku lake lilembedwenso. Loweruka tikudzera kaye ku Biwi kukawatenga bambo aja, tipite nawo limodzi ndi mita yawo.