Amalume ndi mpweya wa m'matumbo

Moni nonse ku Chipata. Amayi andiuza pa WhatsApp kuti amalume akuona magazi akapita kuchimbudzi koma akukanitsitsa kukaunikidwanso m'matumbo. Sindikuwadzudzula. Ulendo woyamba uja ku Lusaka anakwera basi yobwerera mimba itafufuma, kuwoloka Luangwa, kudutsa Nyimba mpaka Katete akungodzipinda pampando, manyazi akuwaletsa kutulutsa mpweya pakati pa anthu.

Kuno ku Leeds, ku England, ndine namwino m'chipinda chomwe timachitira colonoscopy, kuunika m'matumbo ndi paipi yokhala ndi kamera, ndiye ndimvereniko.

Matumbo aakulu ndi otalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo akakhala opanda kanthu amaphwa ngati chubu cha njinga. Kuti kamera ione bwino, dokotala amayenera kuwapopa. Nkhani yagona pa chomwe akupoperamo. Mpweya wamba umene timapumawu, 78 peresenti yake ndi nitrogen, ndipo matumbo amachedwa kwambiri kuumwa. Umangokhala m'menemo, kufufumitsa mimba mpaka munthu autulutse yekha. N'zimene zinawazunza amalume m'basi muja.

Ife timapopa carbon dioxide. Umenewu umalowa msanga m'magazi kudzera m'khoma la matumbo, n'kupita kumapapo, munthu n'kuupumira kunja osadziwa n'komwe. Odwala athu ambiri akamamaliza tiyi ndi bisiketi, mimba imakhala itaphwa kale. Kamakina kake n'kakang'ono, kolumikiza ku silinda. Tsiku loyamba ndinadabwa kuti kanthu kotere n'kamene kamasintha zinthu chonchi.

Ndisakunamizeni kuti sizipweteka konse. Paipi ikamakhota m'makona a matumbo munthu amamva ndithu, n'chifukwa chake timapereka Entonox, mpweya wokoka wochepetsa ululu, kapena mankhwala a mumtsempha. Ndipo ambiri amati chowawa chenicheni ndi dzulo lake, kumwa mankhwala otsuka m'mimba n'kugonera kuchimbudzi. Pamenepo ngakhale azungu amadandaula.

Amalume, mukapita mukafunse ngati ali ndi carbon dioxide. Akakhala kuti alibe, mukaunikidwebe. Magaziwo mwina ndi matenda a mudzi chabe, koma akhozanso kukhala totupa timene timatha kusanduka khansa tikasiyidwa, ndipo dokotala amatha kutidula nthawi yomweyo. Mukamaliza muziyendayenda, mutulutse mpweya osachita manyazi, ndipo basi mukakwere mawa lake. Ya ulendo ndi yogonera ndatumiza kale kwa amayi.