HO kapena N pa mpikisano wathu wa tisitima

Gulu lathu la okonda tisitima kuno ku Johannesburg lagwirizana zochita mpikisano: aliyense amange kanjanji kake pa thabwa limodzi, osapyola ndalama zomwe tapangana. Chatsala n'kusankha sikelo, ndiko kuti kukula kwa tisitimato poyerekeza ndi sitima zenizeni: HO kapena N.

HO ndi 1:87, kutanthauza kuti sitima yeniyeni ndi yotalika maulendo 87 kuposa kasitimako, ndipo mpata wa njanji zake ndi mamilimita 16.5. Ubwino wake ndi kaunjika. Poti ndi yofala kwambiri, mainjini ndi mabogi ogwirapo kale ntchito, ngakhale akale a kampani ya Lima opentedwa ngati sitima za ku South Africa, amapezeka pa Facebook Marketplace. Zinthu zake n'zokulirapo, moti siteshoni umangoidula pa katoni ya sopo ndi lezala, mitengo n'kupota ndi waya, mchenga wosefa n'kukhala miyala ya m'njanji. Vuto ndi malo. Kuti sitima izungulire pamafunika thabwa la pafupifupi mita imodzi m'lifupi, ndiye ife a lendi ya chipinda chimodzi ku Rosettenville tizigona pati?

N, ya 1:160 pa njanji za mamilimita 9, imakwana pa chitseko chakale n'kulowa kunsi kwa bedi. Koma tizipangizo take n'tating'ono zedi. Tsiku lina kagudumu kanandipulumuka, ndinakwawa ndi tochi ya foni mpaka mawondo kuwawa, osakaona. Zakaunjika zakenso sizipezeka wamba.

Ine ndavotera HO, koma njanji ikhale yowongoka pa shelefu, sitima izingopita n'kubwerera, kumbuyo kwake kuli chulu chachikasu cha mgodi choumbidwa ndi nyuzipepala zonyika m'guluu.