Kuyendetsa ma VM uli kutali: SSH, Ansible kapena seva ya MCP?

Ndimasamala ma VM (makompyuta ongoyerekeza oyenda mkati mwa kompyuta yeniyeni) asanu ndi anayi pa Proxmox, pulogalamu yoyendetsera ma VM, ndipo njira zitatu zonsezi ndazigwiritsapo ntchito.

Yakalekale ndi SSH, njira yolowera m'kompyuta yakutali n'kumailembera malamulo, pamodzi ndi tsamba la Proxmox la pa port 8006. Ukalemba qm list, makina onse mbee. Ukalemba qm start 104, VM imodzi yadzuka. Chimene walemba ndicho chimachitika, ndipo ndimaikondera zimenezo. Koma pakati pa usiku, uli ndi foni yokha, kusanthula malogi (zolemba za zomwe zachitika m'makina) pa kagalasi kakang'ono ndi ntchito yowawa maso.

Ansible ndi pulogalamu ya ntchito zobwerezabwereza. Walemba playbook (mndandanda wa malangizo) mu YAML kamodzi, iyo imalowa m'makina onse kudzera pa SSH. Kuifunsa chomwe chavuta, ayi, siyankha.

Apa ndi pomwe MCP imaposa zinzake. Kampani ya AI ya Anthropic inatulutsa Model Context Protocol (MCP) mu Novembala 2024. Seva ya MCP imakhala pakati pa wothandizira wa AI ndi API ya Proxmox (khomo lomwe mapulogalamu ena amalankhulira nayo), n'kumupatsa zida zoonera makina, kuyatsa, kuzimitsa ndi kutenga snapshot (chithunzi cha mmene makina alili, chobwererako zinthu zikavuta). Umangofunsa ngati ukucheza ndi mnzako: "Ndi VM iti ikudya RAM kwambiri?" Iye amazungulira makina onse n'kubwera ndi yankho, iwe usanatsegule n'komwe terminal.

Chinandiphunzitsa kusamala ndi liwu limodzi. Tsiku lina ndinauza wothandizira wa AI uja kuti azimitse VM ya database. Proxmox ili ndi shutdown, yomwe imapempha makina kuti atseke zonse mwadongosolo, komanso stop, yomwe ili ngati kuzula pulagi pakhoma. Anasankha stop, ine n'kuvomereza osawerenga bwino. Database inabwerera, koma mtima unali phaphapha mpaka itamaliza kudzikonza. Palinso china choopsa: wothandizirayu amawerenga malogi, ndipo wachipongwe atha kubisamo mawu ooneka ngati malangizo, iye n'kuwatsata.

Pano seva yanga ya MCP ili ndi API token (kiyi yolowera) yakeyake, ya udindo wa PVEAuditor, woona chabe osakhudza kanthu. Token ina yotha kuyatsa ndi kuzimitsa ndinailola pa makina oyesera okha. Seva imeneyi sindiionetsa poyera pa intaneti, ndimaifikira kudzera pa WireGuard, njira yolumikizirana mwachinsinsi (VPN). Zosintha za mlungu ndi mlungu zili ndi Ansible, ndipo kufufuta disk ndimachita ndekha pa SSH, snapshot nditatenga kale.