Wolakwa ndi kochi wa omenya kapena wogula osewera? Za Yankees ya 2023

Lamlungu pa 9 July 2023, timu ya baseball ya New York Yankees itangogonja kwa Chicago Cubs pakhomo pake, akuluakulu a timuyo anachotsa ntchito Dillon Lawson, kochi woyang'anira omenya mpira. Brian Cashman, yemwe amagula ndi kugulitsa osewera ku Yankees kuyambira 1998, anali asanathamangitsepo kochi sizoni ili mkati. Masapota anagawanika pawiri tsiku lomwelo, ndipo mpaka lero mukaiputa nkhaniyi mumva mbali ziwiri zomwezo. Ena amati Lawson anachita kuchedwa kuchoka. Ena amati anangomusenzetsa katundu wa eni ake. Ine ndinayambira mbali yoyambayo, kenako ndinasamuka, ngakhale kuti sindinasamuke ndi katundu yense.

Kwa inu amene mwangoyamba kumene kutsatira baseball, kochi wa omenya si manejala ayi. Manejala, yemwe ku Yankees ndi Aaron Boone, ndi amene amasankha olowa m'bwalo tsiku limenelo. Ntchito ya kochi wa omenya yambiri siioneka pa TV. Imachitikira m'chipinda chotchingidwa ndi ukonde kuseri kwa mabenchi, momwe muli makina olavula mipira, kamtengo koikapo mpira kuti munthu aziumenya uli chiimire, ndi tabuleti yodzaza mavidiyo. Masewera asanayambe amasonkhanitsa anyamata ake n'kuwauza za woponya wa timu inayo: amakonda kuyamba ndi mpira wanji, akapanikizika amathawira kuti, mpira wake wokhota umagwera mbali iti. Akatero basi, ntchito yake yambiri yathera pomwepo. Woponya amaima pamtunda wa mamita 18 ndi pang'ono, ndipo mpira wothamanga makilomita 150 pa ola umafika theka la sekondi lisanakwane. Mkangano wonse wagona pa kanthawi kameneko: kodi zimene kochi ananena masana zimalowamo bwanji mu theka la sekondi la usiku?

Odzudzula Lawson sanali kulankhula zam'mutu. Pofika tsiku limene anachotsedwa, avereji ya timu yonse inali .231, kutanthauza kuti pa maulendo 1,000 okamenya, 231 okha ndi amene ankabala kanthu. Pa matimu 30 a ligi yaikulu, Yankees inali pa nambala 28. Timu yolipira malipiro ngati amenewo! Chinkawawa kwambiri chinali kaonekedwe kake. Wothamanga ali pa base yachitatu (ma base ndi malo atatu amene womenya amadutsamo pozungulira bwalo), kwangofunika mpira wongokwezedwa kutali kuti afike kunyumba, pamene anayambira, timu ipeze pointi, koma womenya akukupiza ndodo ngati akufuna kugwetsa mpanda, katatu konse osaukhudza, n'kubwerera kubenchi mutu uli pansi. Ukaona zimenezo masiku atatu otsatizana, tulo utataya chifukwa masewera a 7 koloko madzulo ku New York kuno amayamba 1 koloko usiku, umafuna munthu woti umuloze chala.

Lawson anali wosavuta kumuloza. Sanasewerepo mpira wolipidwa. Anakulira m'makoleji ngati mphunzitsi, anadutsa m'matimu ang'onoang'ono a Houston Astros, kenako anayang'anira kamenyedwe m'matimu ang'onoang'ono a Yankees asanakwezedwe mu 2022. Anali munthu wa manambala, ndipo mawu amene ankadziwika nawo anali akuti “Hit strikes hard”, ndiko kuti umenye mwamphamvu mipira yokhayo yodutsa pabwino. Odana naye ankati mawu amenewo ndi okomera pakhoma la ofesi, koma mkulu amene wamenya zaka khumi m'ligi akasochera amafuna womuuza kuti phazi lako latsogola, manja akutsalira, ndipo womuuzayo akhale woti anaimapo pamalo omwewo anthu 40,000 akumukuwiza.

Apa ndi pamene mbali inayo imafunsa funso limene ine linandisowetsa pogwira: nanga mu 2022 kochi anali ndani? Anali Lawson yemweyo, mawu ake omwewo, tabuleti yake yomweyo. Chaka chimenecho Yankees inapambana masewera 99, inamenya ma home run 254 (home run ndi pamene womenya waulutsa mpira kudumpha mpanda), kuposa timu ina iliyonse, ndipo Aaron Judge yekha anamenya 62 n'kuphwanya mbiri ya Roger Maris ya 61 imene inakhala chikhalire mu American League, limodzi mwa magawo awiri a ligi yaikulu, kuyambira 1961. Palibe amene anatamanda Lawson pa zimenezo, tonse tinati ndi Judge. Ndiye zinatheka bwanji kuti zabwino zikhale za osewera, zoipa zokha n'kukhala za kochi?

Chimene chinasintha pakati pa zaka ziwirizi chimaoneka ndi maso. Pa 3 June 2023, ku Dodger Stadium, bwalo la timu ya Los Angeles Dodgers, Judge anathamangira mpira wopita kumpanda, anauwakha ndithu, koma anakadziwombetsa pa chitseko cha mpandawo mpaka chinatseguka. Mtsempha wa chala chachikulu cha phazi lamanja unang'ambika, ndipo sanasewerenso mpaka pa 28 July. Akuluakulu amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma chala chimodzi cha Judge chinaswa sizoni yathunthu. Masiku ochepa izi zisanachitike, pa 28 May, Anthony Rizzo wa Yankees anawombana ndi Fernando Tatis Jr. wa San Diego Padres pa base yoyamba. Asanawombane ankamenya kupitirira .300. Atawombana anasewera miyezi iwiri akuphonya mipira imene kale ankaiona bwinobwino, home run imodzi yokha, ndipo mu August m'pamene madokotala anapeza kuti ubongo wake unagwedezeka pa ngozi ija. Tangoganizani kochi ali naye m'chipinda cha ukonde, akumukonza kaimidwe, akumuonetsa mavidiyo, chonsecho vuto lili m'mutu momwe ndodo siifika. Giancarlo Stanton anamaliza chaka ndi .191. Josh Donaldson, wa zaka 37, anali pa .142 pamene timu inamumasula kumapeto kwa August. Anthu amenewa sanawagule ndi Lawson.

Mwayi wa nkhaniyi ndi wakuti maganizo awiriwa anayesedwa pabwalo, osati pakamwa pokha. Amene analowa m'malo mwa Lawson anali Sean Casey, ndipo mukanati mujambule munthu wosiyana ndi Lawson pa chilichonse mukanajambula iyeyu. Anasewera zaka 12 m'ligi yaikulu, avereji yake .302, anasankhidwa katatu mu All-Star, masewera a osewera opambana a chaka, ankasewera limodzi ndi Boone ku Cincinnati Reds, ndipo anali wocheza ndi aliyense moti ankadziwika ndi dzina lakuti The Mayor. Anachokera pa TV ya MLB Network, anali asanakhalepo kochi m'ligiyo, koma chimene masapota ankalira, munthu wodziwa kununkha kwa thukuta la pabwalo, anali nacho chodzaza. Anapeza timu itapambana 49 n'kugonja 42. Iye atafika inapambana 33 n'kugonja 38. Mu August inagonja masewera 9 otsatizana, zimene zinali zisanachitike kuyambira 1982. Avereji ya chaka chonse inatsika kufika .227, kuposa Oakland yokha, ndipo Yankees inamaliza ndi 82-80 osalowa m'ndime ya makapu. Casey anachoka sizoni itatha, nati akufuna kukhala ndi banja lake.

Makochi awiri osiyana ngati usiku ndi usana, osewera omwewo, zotsatira zofanana. Chaka chotsatira kunabwera wachitatu, James Rowson, ndipo timu inatsogolanso pa ma home run n'kufika mu World Series, ndime yomaliza yolimbirana chikho, komwe inagonja kwa Dodgers 4-1. Okonda kuyamikira makochi angati mwaona, Rowson wakonza. Rowson ndi kochi wodziwika, anali ku Minnesota Twins mu 2019 pamene anamenya ma home run 307. Komatu mu December 2023 Cashman anatenga Juan Soto ku San Diego Padres, ndipo Judge anachira. Soto anamenya 41, Judge 58. Awiri okhawo 99. Mutandipatsa ine awiri amenewo, nanenso mungandiyese katswiri.

Pali china chimene masapota sakonda kumva. Makontrakiti a baseball ambiri ndi otsimikizika, wosewera amenye asamenye ndalama zake amalandira. Stanton anasaina ya zaka 13 ya madola 325 miliyoni ali ku Miami Marlins, ndipo Yankees inatengera gawo lalikulu la ngongole imeneyo. Munthu wotero simungamuuze kuti mawa usabwere. Kochi wa omenya mungathe, ndipo pofika madzulo nyuzipepala zalemba kuti timu yachitapo kanthu. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndipo aliyense wovomera ntchitoyi amadziwiratu kuti zikavuta woyamba kunyamula chikwama ndi iyeyo.

Koma ndinanena kuti sindinasamuke ndi katundu yense. Chimene ndinatsala nacho kuchokera kwa odzudzula ndi ichi: kochi ali ndi gawo lake, kungoti sililembedwa pa avereji ya timu yonse. Limaoneka pa munthu mmodzimmodzi. DJ LeMahieu, yemwe anatsogolapo pa avereji m'maligi onse awiri, American League ndi National League, anali atasochera theka loyamba la 2023, ndipo Casey atafika anayambanso kumenya ngati iye mwini. Kaya ndi mawu a Casey, kaya ndi phazi lake lovulala limene linayamba kupola, koma kusinthako kunaoneka, ndipo amene amati makochi ndi zokongoletsera chabe ayenera kuyankhapo. Limaonekanso pa ana. Judge ali ndi mphunzitsi wakewake wapadera amene amagwira naye ntchito kunja kwa timu, monga amachitira akatswiri ambiri masiku ano, ndiye kochi wa timu pa iye amangothandizira. Mwana wongokwezedwa kumene ndiye amamva chilichonse chimene wauzidwa. Anthony Volpe analowa m'ligi mu 2023 akukweza mpira m'mwamba: ma home run 21, avereji .209. Mu 2024 anagoneka ndodo kuti azimenya mipira yotsika, avereji inakwera kufika .243, ma home run anatsika kufika 12. Apo ndiye pali dzanja la aphunzitsi, ndipo mungakangane mpaka kucha ngati anamukonza kapena anamulanda chimene anali nacho.

Ndiye mnzanga akandiuza kuti Lawson ankalephera kufikitsa uthenga kwa akuluakulu a m'timu, ndimamvetsera, chifukwa zimenezo n'zotheka ndipo ndi chifukwa chokwanira chosinthira kochi. Akandiuza kuti Lawson ndi amene anachititsa .231, ndimamufunsa kuti nanga .227 ija anachititsa ndani, poti Lawson anali atapita kale kwawo pafupifupi miyezi itatu sizoni isanathe.