Pure Data pa kwaya yathu ku Dedza: mayina aposa manambala

Kuyambira nyengo yozizira ija, mawu a synthesizer ya kwaya yathu ya achinyamata kuno ku Dedza akuchokera mu Pure Data (mwachidule Pd), pulogalamu yaulere yopangira mawu polumikiza mabokosi ndi mawaya pa kompyuta, imene Miller Puckette anayamba kulemba cha m'ma 1996. Laputopu ndi yakale, kiyibodi ya MIDI (yotumiza manotsi ku kompyuta) ndi yogula kwa munthu, koma sizinatichititsepo manyazi pa Sabata.

Chimene chasintha ndi mmene ndimauzira chida choimbira cha mu Pd zochita. Njira imene ambiri timayambira ndi kundandalika manambala kutsogolo kwa dzina la chida, monga limba 800 20 300, mkati mwa chidacho chizindikiro cha $1 n'kutenga 800, $2 n'kutenga 20. Zimagwira ndithu. Koma pakatha mwezi, ndani angakumbuke ngati 20 uja anali attack (nthawi yoti mawu akwere poyamba) kapena release (nthawi yoti mawu azilale pomaliza)? Choipanso, kuti musinthe nambala muyenera kulembanso bokosi lonse, Pd n'kulimanga mwatsopano, mawu n'kuduka nyimbo ili mkati.

Tsopano chida chilichonse chili ndi khomo limodzi lolandirira mauthenga, ndipo pansi pake pali bokosi losankha mauthenga potengera dzina, lolembedwa kuti route cutoff attack release. Ndikatumiza uthenga wakuti cutoff 1200 (cutoff ndi malire amene fyuluta imadulira mawu), route amachotsa dzinalo n'kupereka 1200 pa waya wake. Dongosolo la manambala lilibenso ntchito. Mnyamata amene amandigwirira ndikapita kumaliro amawerenga uthengawo n'kuumva osandiimbira foni.

Zovuta zilipo. Mukalakwitsa chilembo, kulemba cutof, uthengawo umatulukira pa waya wakumanja kwenikweni mwakachetechete, inu n'kumakaikira sipika. Lumikizani print, bokosi loonetsa mauthenga pa sikirini, pamenepo kuti cholakwa chizioneka. Mayina sabweranso ndi nambala zoyambira, choncho pamafunika loadbang, bokosi limene limadzuka lokha fayilo ikatsegulidwa, yoika zonse m'malo mwake. Kuno magetsi amazima nthawi iliyonse, ndipo batire ya laputopu ikatha, mukayatsanso popanda loadbang fyuluta imayambira pa ziro, chida chili duu.

Pa mawu ambiri nthawi imodzi ndimagwiritsa ntchito clone, imene imapanga makope ambiri a chida chimodzi ndipo inabwera mu Pd 0.47. Apa samalani: $1 imakhala nambala ya kope, manambala anu amayambira pa $2. Uthenga wa mayina suvutika nazo zimenezi, mumangoyamba ndi all, monga all release 400, makope onse n'kulandira.

A Max, pulogalamu ina yofanana ndi Pd, ali ndi njira yawo yokonzedwa kale ya chizindikiro cha @, yaukhondo kuposa iyi, koma Max ndi yogula ndi madola. Manambala opanda mayina ndawasiyira zinthu zosasintha zokha, monga chanelo ya MIDI.