Zithunzi za mabwinja pabalaza: Panini, Piranesi kapena David Roberts?

Munthu wa ku Salima amene akufuna kukongoletsa pabalaza ndi chithunzi chakale cha mabwinja amapachika chosindikizidwa, pakuti zenizeni zambiri zili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale kunja. Kuyambira mu 2017, Metropolitan Museum ya ku New York imalola aliyense kutenga zithunzi zake zambiri zakale pa intaneti mwaulere, choncho ntchito yatsala pa kusankha.

Giovanni Paolo Panini, amene anamwalira mu 1765, ankajambula ndi penti mabwinja a ku Roma, ndipo kawirikawiri ankasonkhanitsa pa chithunzi chimodzi nyumba zimene mumzindamo zili motalikirana. Zithunzi zake zimafuna khoma lalikulu, chifukwa zikachepetsedwa, zipilala ndi anthu zimangophatikana. Komanso dzuwa la kunyanja kuno silichedwa kufwifwitsa inki yamitundu.

Giovanni Battista Piranesi, amene anamwalira mu 1778, ankalemba mizere pa mkuwa n'kuidyetsa asidi, kenako n'kusindikiza papepala, motero zithunzi zake n'zakuda ndi zoyera. Iye ankakuza nyumba mwadala, moti anthu oima pansi pa makoma amaoneka ngati nyerere. Inki yakuda imapirira kuwala, ndipo osindikiza ambiri amaitha popanda kusokoneza. Komabe mdima wa zithunzizi umalemera m'chipinda cha mawindo aang'ono. Ine ndimaona kuti zimayenera mu ofesi kusiyana ndi pamene banja limachezera.

Kwa nyumba ya m'mbali mwa nyanja, ndimasankha David Roberts wa ku Scotland, amene anayenda ku Egypt mu 1838 ndi kujambula akachisi a ku Karnak ndi Abu Simbel, ena ali okwiririka ndi mchenga mbali ina. Mitundu yake ndi yofatsa, ya mchenga ndi thambo, ndipo mabwato a pamtsinje wa Nile sakhala achilendo kwa amene anakulira ku Senga Bay. Mitunduyi nayonso imafwifwa, koma sizionekera msanga monga pa Panini.

Pa atatu onsewa mdani wamkulu ndi chinyezi cha m'dzinja, chimene chimabweretsa chuku ndi madontho papepala. Uzani wokonza felemu kuti aike katoni pakati kuti pepala lisakhudze galasi, ndipo mupachike pakhoma la m'kati limene mvula siliomba, kutali ndi njira za chiswe.